Nyemba za Malemu Chrispin

“Siyani ivo! Musagwileko!”

Tonse tinatembenuka. Wokuwayo anali Maud, mkazi wa malemu, munthu amene chiyambire maliro anali asanatulutse liwu, atangozyolika pamphasa monga amachitira namfedwa. Tsopano anali chilili pakhomo la kukhitchini, duku litapendekera kukhutu, akuloza amuna awiri amene ankagwedeza nsungwi zozikidwa m'mbali mwa khoma la mpanda. Nkhuni za pamoto wa maliro zinali zitatha, ndipo kwa amuna ozizidwa nsungwi youma ndi nkhuni basi.

“Ni binzi ya ba Chrispin iyo,” anatero, mawu atatsika. “Banabyala beka na manja yao.”

Amunawo anazisiya, napukuta manja m'mathalauza, n'kupita kukafuna nkhuni kwina. Ine ndinasuzumira. M'tsinde mwa nsungwi iliyonse munali timbewu tiwiri ta nyemba, masamba ake otambalala ngati chikhatho cha mwana, nsonga zikupapasa pokwera.

Ine ndi Maud tinakwatiwa m'banja limodzi. Iye anali wa a Chrispin, oyamba kubadwa. Ine wa a Eugene, owaponda pamutu. Panalinso Jackson, mzime, amene anali atangokwatira kumene mtsikana wotchedwa Karen. Sitinali paubwenzi ine ndi Maud, komanso sitinkadana. Iye anali wa ku Monze, wosalankhulalankhula, ndipo ngakhale anakhala m'banjamo mpaka mwana wake Luyando kufika potha msinkhu, abale a ku Katete ankamutchulabe kuti “Mtonga uja”. Tinkakumana pamaukwati ndi pamaliro, n'kusenda limodzi tomato.

Nyumba ya ku Matero, mu Lusaka, imene tinkaliramo sinali ya a Chrispin. Inali ya atate awo, malemu apongozi athu, amene anaigula ku khonsolo kalekale, ndipo dzina lawo ndi limene linali pamapepala. Lamulo la pabanjapo linali losalembedwa koma lodziwika: amakhalamo ndi wamkulu mwa ana amene ali moyo. N'chifukwa chake amayi a kutchalitchi amene ankanong'oneza Maud za kukhoti sanachedwe kutopa.

A Chrispin ankayendetsa lole njira ya ku Nakonde, nthawi zina mpaka kumapiri a ku Tanzania. Kumeneko ndi kumene anakatenga mbewuyo, itamangidwa m'kampango: nyemba zikuluzikulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu, zofiirira, zamathothomathotho akuda. Anzawo ankawaseka kuti abwera ndi zithumwa. Iwo ankati ayi, izi zimayanga mpaka padenga, zimachita maluwa ofiira, ndipo zitheba zake ndi ndiwo zabwino. Mvula itatha anaziviika m'kapu, nazika nsungwi, nakoka waya, nabzala. Zitangomera, m'mawa wina anawerama kuti amange nsapato ndipo sanaweramukenso. Kuchipatala anati kunali kuthamanga kwa magazi.

Titaika maliro, m'mawa mwake mipando ikadali panja, tinakhala pansi kugawa katundu. Woweruza anali amalume awo a amuna athuwo, a Hosea, amene anabwera kuchokera ku Katete ndi jekete lonunkha utsi ndi ndodo ya paipi. Malaya anapita, nsapato zinapita, wailesi inapita. Kenako amuna anga anakonza pakhosi.

“Bamalume, kwasala nkhani ya nyumba. Ise ku Kanyama, mvula ikabwela, manzi yamangena mpaka pa bedi. Bamulamu bali na basisita bao ku komboni ya Kuku. Tibapaseko mwezi bakonzeke, ise tingene.”

Sindibisa, mtima wanga unavomera mawu amenewo asanathe n'komwe. Zaka zonse za ukwati wanga ndinkagona m'chipinda cha lendi chimene bedi lake linkakhala pa njerwa, ndipo Januwale aliyense ndinkapita kuchimbudzi cha anthu onse nditavala magambutsi, mwana ali kumsana. Ku Matero kunali mpopi pabwalo, zipinda zitatu, ndi zenera la kukhitchini loyang'ana kummawa. Pamaliro pomwepo, nyimbo zili mkati, ndinali nditaliyeza kale ndi maso kuti nsalu yotani ingakwanepo.

Maud sanadzutse mutu. “Luyando alemba mayeso ya Giledi Thwelofu mu Novemba,” anatero. “Sukulu yake ni apa chabe pa kona. Nipempako mpaka asilize.”

“Mabasi yaliko, bamulamu,” anayankha a Eugene. Iwo ali ndi minibasi zawozawo, choncho kwa iwo vuto lililonse limatha ndi basi.

A Hosea anakanda chibwano. “Tsiku lija ndinamva phokoso la nyemba,” anatero. “Nyemba zake ndi ziti?”

Anthu anawalozera. Mkuluyo anadzuka, nayenda pang'onopang'ono mpaka kukhoma, nawerama, nagwira tsamba limodzi ndi zala ziwiri.

“Anabzala ndani?”

“Ba Chrispin,” anatero Maud.

“Alipo wina anaona?”

Mayi wina woyandikana nawo nyumba anati iye anawaona ndi maso ake atagwada pamenepo Lamlungu lina, mpaka anawafunsa ngati ntchito ya lole yatha.

A Hosea anabwerera pampando. “Kwathu mkazi wamasiye sachotsedwa pakhomo munda wa mwamuna wake usanache. Amadya thukuta la malemu mpaka mbewu itauma. Ukamuthamangitsa mmera uli wauwisi, wathamangitsa ndi malemu yemwe ntchito ili m'manja.”

A Eugene anaseka. “Munda, bamalume? Kuno ni ku tauni. Aya ni maluba chabe.”

“Zimadyedwa?” a Hosea anafunsa Maud.

“Vimadyewa.”

“Ndiye munda umenewo.”

Ndinaona amuna anga akulingalira msangamsanga. Nyemba amazidziwa: ali mwana ankazikolola ku Katete. Ubzala, uphethira, zauma. Kukangana ndi amalume pamaso pa anthu chifukwa cha tinthu tosafika ndi m'mawondo momwe kunali kudzichotsa ulemu pachabe.

“Palibe vuto,” anatero, atatambasula manja, mokweza kuti onse amve. “Binzi siichedwa. Ikauma, bamulamu bazatipasa makiyi.”

Ndikhulupirira kuti a Hosea nyemba zamtundu umenewo anali asanazionepo. Ankangofuna kuti namfedwa apumeko, ndipo anagwira chimene chinali pafupi.

* * *

Ntchito yoyendera munda inagwera ine. Loweruka lililonse a Eugene ankati, “Yenda ukaone ngati yauma,” ndipo ine ndinkakwera basi ya ku tauni, kenako ya ku Matero, ngati mlangizi wa zaulimi wosowa njinga.

Nyembazo zinalibe maganizo ouma. M'nyengo yozizira, pamene china chilichonse m'komboni chimatuwa ndi fumbi, izo zinkakwera. Zinazungulira nsungwi, zinagwira waya, zinafika padenga la chimbudzi n'kupitirira, nsonga zikulendewera kumsewu. Kenako zinachita maluwa, ofiira psuu, mulu pano mulu apo. Khoma lija, limene kale linkadziwika ndi ming'alu ndi fungo la oledzera odutsa, linabisika lonse. Njuchi zinkafika m'mawa pamodzi ndi timbalame tamilomo yaitali. Atsikana opita kutchalitchi ankaima pageti kudzijambula. Amayi ena a pamsika ankanong'onezana kuti maluwa ofiira chotero pakhomo la maliro si abwino, koma atalawa zitheba ananong'onezana zina. Mkazi wa abusa anabwera kudzapempha maluwa a paguwa, ndipo Maud anamukaniza mwaulemu, chifukwa duwa lililonse linali chitheba cha mawa.

Ndinkafika dzuwa litakwera. Tinkamwa tiyi, n'kukamba za ana, Luyando ali pamthunzi wa masambawo ndi mabuku ake, zala zili m'makutu. Zitheba ndinkaziona zochepa, zing'onozing'ono, ndipo ndinkaganiza kuti mbewu yachilendo yakana dothi lathu, ingokongola basi.

Loweruka lina ndinalawirira, chifukwa ndinapeza malo pa ulendo woyamba wa minibasi ya amuna anga. Geti linali losatseka. Ndinapeza Maud ataima pamwamba pa mgolo wa madzi, chitenje atachimangira m'chiuno, mutu uli m'masamba. Pansi panali beseni lodzaza ndi zitheba zanthete, zosaposa chikhatho kutalika.

“Mwauka bwanji, bamake Luyando?”

Sanadzidzimuke. “Tauka, Ketty. Gwilako dilamu iyi, igwedezeka.”

Ndinagwira. Kazitape wa a Eugene anaima pamenepo atagwirira mgolo ndi manja awiri, zitheba zikumugwera pamutu.

“Nanga muchosa vonse? Vikali ving'ono ivi.”

“Ndiye pamene vifunika.” Anapatula masamba, nafufuza kuseri, nathyola china chimene chinabisala. “Ukasiyako chimozi chikhwime, mutengo uganiza ati nchito yasila, uleka maluba. Ukachosa, uyambanso. Ba Chrispin ndiye bananiuza. Beve benze kukamba chabe va ndiyo.”

“So siizauma?”

“Izauma. Kulibe chamene sichuma. Ine nifuna chabe Novemba.”

Anatsika atagwira phewa langa. Mapazi ake anali otupa, mikono ili yokandikakandika. Anandiyang'ana m'maso, koyamba chiikire maliro.

“Uzabauza?”

“Banituma kuona ngati yauma,” ndinatero. “Siinaume.”

Sanathokoze. Anatenga jumbo, nalidzaza, nandionetsa mochotsera ulusi wa m'mbali ndi modulira mopendeketsa, n'kundichenjeza kuti zipse bwinobwino, izi si zodya zosapsa. Madzulo ndinaziphika ndi tomato ndi anyezi. A Eugene anadya osalankhula, chimene kwa iwo ndi chiyamikiro chachikulu.

“Iyi ndiyo wagula kuti?”

“Ni ya ku Matero.”

“Oho. Yaumako?”

“Ikali ibisi.”

Anapukusa mutu, nakankhira mbale kwa ine. “Ikako inangu.”

Musandiyese woyera mtima. Nyumbayo ndinkaifunabe, ndipo ndikamasesa kachipinda kathu ndinkakonza m'mutu poika kabati ku Matero. Koma ku Kanyama kunali kouma, madzi akanabwera mu Disembala, ndipo ndinaona kuti Novembala wa Maud ndi Disembala wanga akhoza kukhala moyandikana osapondana. Ndinamumveranso chisoni mayi uja ali pamwamba pa mgolo, ndipo chisonicho chinandinyansa, chifukwa chinabwera ndisanachiitane. Kuyambira pamenepo ndinkalawirira Loweruka lililonse. Ndine wamtali kuposa Maud, ndiye za pamwamba pa chimbudzi ndinkathyola ndine, iye akumaliza zam'munsi.

Ntchitoyo ili ndi ukathyali wake. Chitheba chimafanana ndi tsamba, ndipo chimadziwa kubisala. Uyang'ana malo, uti patha. Usuntha phazi, uona zina zitatu zikukuseka. Chimene wachisiya lero chili chochepa ngati singano, pofika mkucha chatupa mimba. Maud ankayenda khoma lonse kupita ndi kubwerera, kenako n'kugwada kuti aziyang'ane kuchokera pansi, dzuwa likuwala kupyola masamba. Sitinkakamba za nyumba. Ankandiuza za a Chrispin, mmene ankaimbira foni ali kumalire atangobzala kumene, osafunsa za mwana kapena za mkazi, kuyamba ndi kufunsa ngati nyemba zathiriridwa. Ankanena zimenezi akuseka, koma mwa kasekedwe kosaonetsa mano.

Amuna anga si opusa. Ogasiti atatha khoma likadali lofiira, anapita okha Lamlungu lina osauza munthu, napeza Maud ali pa mgolo. Anabwerera maso atafiira. Ine sanandifunse kanthu, anangoyang'ana poto amene anali pambaula. Anaimbira foni ku Katete, atakweza mawu a foniyo kuti ndimve nawo.

“Bamalume, bachita chinyengo! Bachosa vikali vibisi kuti visaume!”

“Akutaya, kapena akudya?” anafunsa mkuluyo.

“Badya.”

“Iwe wadyako?”

A Eugene anadula foni. Tsiku limenelo anati ndiwakazingire mazira.

* * *

Chimene analephera a Eugene anachichita Okutobala. Dzuwa linayamba kutuluka litapsa kale. Mpopi unkangotsokomola mphepo, madzi n'kubwera pamene afunira. Maud ankasenza zigubu kuchokera kutali, ndipo madzi alionse a m'nyumbamo, otsukira mbale, osambira, ochapira yunifolomu ya Luyando, ankathera m'tsinde mwa nsungwi. Anayala udzu ndi masaka akale pansi kuti dothi lisaume. Anapachika neti yakale ya udzudzu kuti ichite mthunzi. Nsabwe zakuda zitagwira nsonga, ankazitsuka ndi thovu la sopo, tsamba ndi tsamba.

Mbewu ya kumapiri inalibe nazo ntchito zimenezo. Maluwa anayamba kugwa asanagwire chitheba. M'mawa pansi pa khoma pankakhala pofiira, ndipo Maud ankasesa msanga anthu asanaone. Njuchi zinasiya kubwera. Masamba anayamba kuchita chikasu kuyambira pansi, kumakwera tsiku ndi tsiku, mpaka ming'alu ya khoma inaonekanso. Loweruka lina ndinakwera pa mgolo n'kutsika ndi zitheba zosadzaza dzanja. Mayeso a Luyando anali asanayambe n'komwe.

A Eugene anatumiza tikiti ya basi ku Katete. A Hosea anafika Lachisanu masana, atavala jekete lomwe lija ngakhale kunja kunkatentha ngati m'ng'anjo, ndipo tonse tinasonkhana pakhoma: ine, amuna anga, Jackson, ndi Maud atapinda manja kumbuyo.

Mkuluyo sanafulumire. Ankaima pa nsungwi iliyonse, n'kukanda tsinde la nyemba ndi chikhadabo, n'kuliyang'anitsitsa. Louma. Asunthire pa ina. Louma. Aliyense ankaona kuti akufunafuna chobiriwira, ndipo a Eugene ankangogwedeza makiyi a galimoto m'thumba. Pangodya, kuseri kwa chimbudzi, pamene mtengo wa mapeyala wa oyandikana nawo unkaponya mthunzi, chikhadabo chinatulutsa timadzi. Tsinde limenelo linali lamoyo, ndipo pamwamba panali masamba angapo obiriwira.

“Apa,” a Hosea anatero, nkhope ikumasuka. “Apa pakadali moyo.”

“Bamalume, mvelani ivi.”

Anali Jackson. Anali atalowetsa dzanja pakati pa khoma ndi chimbudzi, ndipo anakoka nthambi imene panalendewera makoko akuluakulu, aatali kuposa dzanja lake, ofiirira, okwinyika. Anawagwedeza, ndipo analira ngati maseche.

Ine ndinali ndisanawaonepo. Anali m'munsi, kumbali imene Maud ankamaliza yekha.

A Hosea anatenga khoko limodzi, naliswa. Nyemba zinagwera m'chikhatho mwawo, zazikulu, zonyezimira, zouma gwa. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

“Mwana wanga,” anatero, “bwanji izi sunathyole?”

“Nikanachosa, sembe mbeu yasila, bamalume. Banabweletsa kamozi chabe.”

Mkuluyo anausa moyo. “Mbewu ikalira m'khoko, munda wacha. Ndilibenso pogwira.” Anathira nyembazo m'manja mwa Maud, nampinda zala, natembenukira kwa a Eugene. “Tenga nyumba ya atate ako.”

Mwina akanathyola makoko aja akadali anthete, tsinde limenelo likanamufikitsa kumayeso. Mwina ayi, popeza dzuwa la chaka chimenecho silinkamva za munthu. Sindinamufunse, ndipo iye sananene.

Tinasamuka Loweruka lotsatira. Kuti galimoto isayende kawiri, a Eugene anakonza zoti lole imene yabweretsa katundu wathu ndi imene itenge wa Maud kupita naye ku Kuku. Matiresi athu ankatsika mbali ino, ake akukwera mbali inayo. Luyando anakhala pamwamba pa katundu, mabuku ali pamiyendo, osayang'ana aliyense.

Maud anandikodola kuti ndimutsate kuseri. Anamasula mfundo ya pachitenje, natulutsa kansalu komanga, nakaika m'dzanja langa. Ndinamva nyemba zikugubuduka mkati.

“Nagaba pakati. Sunga pamalo pouma. Ubyale mvula ikasila, siifuna kupya.”

“Ine va maluba sinivikwanisa, bamake Luyando. Tengani chabe vonse.”

Ankayang'ana kupyola phewa langa, ndiye ndinacheuka. Jackson ankalowetsa kabati yathu m'nyumba akuimba mluzu. Mkazi wake Karen, mimba ili patsogolo, anali ataima pazenera la kukhitchini, akuliyeza ndi zikhatho kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, milomo ikuyenda.

“Sunga,” anatero Maud. “Ba Jackson nabeve bali na bakazi.”

Anakwera kutsogolo kwa lole, ndipo inanyamuka. Luyando analemba mayeso akuchokera ku Kuku, kudzuka m'bandakucha ndi kusintha mabasi m'tauni. Anakhoza, koma osati mmene aphunzitsi ake ankayembekezera.

* * *

Mvula inabwera, ndipo koyamba chikwatiwire ndinaimva ikugwa padenga osadzuka kukakweza nsapato za ana. Ndinakondwa, bodza n'lachiyani. Nsungwi zakale a Eugene anazizula pamodzi ndi mizu ya nyemba, yonenepa ngati mbatata, n'kuponya kudzala. Kansalu kaja ndinakasunga m'chitini cha tiyi, pamwamba pa kabati.

Pa Pasaka a Hosea anabwera ku Lusaka kudzachitidwa opaleshoni ya diso. Ndinawaitana kudzadya kwathu Lamlungu, ndinaitananso Jackson ndi Karen ndi khanda lawo. Ndinapha nkhuku, ndinaphika mpunga. Dzulo lake ndinali nditagula nsungwi zatsopano n'kuzizika m'mbali mwa khoma, ndipo nyemba zinagona m'kapu ya madzi mpaka zinatupa.

Titatha kudya, amuna anakhala pakhonde akutokosa m'mano, Jackson akufotokoza mmene kuseriku kungakwanire zipinda za lendi munthu atakhala ndi nzeru. Ndinatuluka ndi kapu ija.

“Batate ba Tiza, bwelani munibyalileko,” ndinaitana amuna anga.

“Ine? Na thilauzi ya ku chalichi? Byala weka.”

“Dzanja langa ni loipa, vonse vamene nibyala vimafa. Ni pang'ono chabe.”

Nkhuku inali itawafewetsa. Anadzuka akung'ung'udza, nasuzumira m'kapu. “Si ija binzi inativuta iyi?”

“Ndiye yamene. Munaikonda ndiyo yake.”

Anaseka. “Manje nyumba ni yathu. Ingayange mpaka kumwamba.”

Anakweza thalauza, nagwira nsungwi, natsitsa bondo limodzi, kenako linalo, akupuma ngati wakwera phiri. Kuchokera pamene ndinaima ndinkaona pakati pa mutu wawo, pamene tsitsi linayamba kuthothoka, ndi mtsempha wa m'khosi ukugunda.

“Ba Jackson,” ndinaitana, “bwelani muoneko bakulu banu mwamene babyalila.”

Jackson anabwera akuseka, natulutsa foni. “Abwana ba mabasi balima! Iyi niika pa gulupu ya banja.” Anawerama kuti ajambule bwino chala chikukankhira nyemba m'dothi. Karen nayenso ankaseka, khanda lili paphewa.

A Hosea okha sanaseke. Anali atatsamira ndodo yawo, diso limodzi litamatidwa thonje, linalo lili pa ine. Ndinawerama, n'kuika nyemba ina m'chikhatho cha amuna anga.